Galimoto ya kuntchito ikawonongeka, alipire ndani?

Ku Thyolo ndi ku Mulanje kuli mabanja ambiri amene amadya chifukwa bambo kapena mayi amagwira chiwongolero cha galimoto ya eni. Ena amayendetsa mathalakitala otuta masamba a tiyi kupita nawo ku fakitale, ena malole onyamula tiyi wopangidwa kale kupita ku Limbe, ena maminibasi a pamsewu wa Limbe mpaka Muloza kapena wa Midima, enanso magalimoto a mabungwe, a mipingo ndi a amalonda a nthochi, tomato ndi zinanazi. Tsiku lina galimoto ija imagunda, imagwera m'ngalande, kapena injini imanoka. Kawirikawiri mawu oyamba amene dalaivala amalandira si omufunsa ngati wavulala ayi, koma akuti, "Pachiwongolero panali iwe, ulipira." Mwezi ukatha amapeza malipiro adulidwa, mwina theka, mwina onse, ndipo moto umabuka.

Chimene chimakulitsa mkanganowu n'chakuti aliyense amagwira kachidutswa kake ka lamulo n'kuima nako nji. Bwana anamva kuti lamulo limalola kudula malipiro a wantchito wowononga katundu. Dalaivala anamva kwa anzake pa depoti kuti malipiro a munthu sakhudzidwa mwini wake asanavomere. Aliyense ali ndi kachoonadi kake, koma pali funso limene onse awiri amalidumpha: kodi galimotoyo yawonongeka chifukwa dalaivala walakwa, kapena yangowonongekera m'manja mwake? Kwa ine nkhani yonse yagona pamenepa. Kukhala pachiwongolero si umboni wa kulakwa, ndipo bwana amene wadula ndalama asanayankhe funsoli wagamula mlandu umene sunazengedwe.

Zimene lamulo limalola ndi zimene limakana

Lamulo lalikulu pankhaniyi ndi Employment Act ya chaka cha 2000. Gawo 56 limapatsa olemba ntchito mphamvu yolanga wantchito wolakwa, ndipo limatchula njira zake: kumulembera kalata yochenjeza, kumuimitsa kaye ntchito, kapena kumutsitsa udindo. Kenako limaletsa kulipiritsa wantchito chindapusa kapena chilango chilichonse cha ndalama. Koma gawo lomwelo limanenanso kuti bwana angathe kudula ndalama pa malipiro kuti abwezeretse katundu amene wantchitoyo wawononga. Choncho amene amauza madalaivala kuti kudula n'koletsedwa zivute zitani akuwasocheretsa, ndipo ndi bwino munthu adziwiretu zimenezi asanakalowe mu ofesi ya abwana atakweza mapewa.

Komabe kubwezeretsa katundu ndi chindapusa si chinthu chimodzi. Bwana akaika lamulo lakuti aliyense wopalitsa galimoto adulidwa K50,000, osayang'ana kuti chapalika n'chiyani ndipo kukonza kwake n'ndalama zingati, chimenecho n'chindapusa. Kubwezeretsa kumayendera mtengo weniweni: galasi lasweka, lagulidwa pamtengo wakuti, lisiti nali. Ndalama yodulidwa ikaposa imene yatulukadi m'thumba mwa bwana, yapamwambayo ndi chilango cha ndalama chimene lamulo lakana, ngakhale pa peyisilipi atailembapo dzina lokoma bwanji.

Gawo 56 lomweli limafuna kuti bwana achite zinthu zomveka, ndipo limatchula zoyenera kuyang'ana: kukula kwa cholakwacho, ntchito imene munthuyo anapatsidwa, chilango chimene chaperekedwa, ndondomeko imene bwana watsata, kukula kwa chowonongekacho, mbiri ya wantchitoyo ndi mmene zinthu zilili pamoyo wake. Dalaivala amene wayendetsa zaka 12 osapalitsako n'kamodzi komwe sangaweruzidwe mofanana ndi amene ali ndi makalata atatu ochenjeza m'failo. Nayonso ndondomeko ili m'gulu la zoyang'anidwa, kutanthauza kuti bwana atha kukhala ndi chifukwa chabwino koma n'kudzagwa nayo nkhani chifukwa chodula ndalama osamva mbali ya mnzake. Pamwamba pa zonsezi pali gawo 31 la malamulo aakulu a dziko lino, limene limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, komanso kulandira malipiro oyenera.

Kulakwa kumaoneka bwanji

Pali ngozi zina zosafuna kutayirapo nthawi. Dalaivala anali atamwa. Anapatsa chiwongolero kondakitala kapena mlamu wake wopanda laisensi. Anatenga galimoto ya kampani Lamlungu kupita nayo kuukwati ku Luchenza osapempha. Ananyamula matola pa lole ya katundu mpaka masipuling'i kuthyoka. Nyali ya oyilo inayaka, iye n'kumangoponda moto kuti akafike kusanade. Munthu wotere sindingamuikire kumbuyo. Wawononga chuma cha mnzake ndipo ayenera kubwezako.

Palinso zina zimene dalaivala alibe nazo mlandu ngakhale pang'ono. Waima bwinobwino pa Chitakale, wina n'kumugunda kumbuyo. Mwala wothamangitsidwa ndi tayala la lole waswa galasi la kutsogolo. Kilachi yatha chifukwa galimoto yayenda zaka zambiri, batire lafa, matayala afika pa waya. Zinthu zotha ndi ntchito ndi mtolo wa mwini bizinesi, pakuti phindu la maulendo amene anazitha linalowa kwa iye. Kulipiritsa dalaivala zimenezi ndiko kumusenzetsa mtengo woyendetsera bizinesi imene iye salandirako phindu.

Zovuta zili pakati, ndipo kwathu kuno zapakatizo ndiye zochuluka. Tiyi amaphuka kwambiri nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo masamba othyoledwa sachedwa kutentha m'matumba akapanda kufika msanga ku fakitale. Ndiye kuti nthawi imene timisewu ta dothi lofiira ta m'minda tili toterera kwambiri ndi yomweyonso imene dalaivala wa thalakitala amathamangitsidwa kwambiri. Tiyerekeze kuti pa sikelo patsala matumba ochepa, kunja kukuda, kapitawo n'kunena kuti, "Achimwene, ponyani onsewa, musachite kubweranso." Ngolo yadzaza mpaka pamwamba. Pamtsetse ngolo yolemerayo yayamba kukankha thalakitala, matayala akumbuyo mano anatha kale, thalakitala yaseserekera m'mbali, ngolo n'kugudubuzikira m'tiyi, chokokera chake n'kupindika.

Pamenepa munthu wachilungamo sathamangira kuloza chala. Amafunsa ngati dalaivala anatsika ndi giya yoyenera kapena anangoisiya kuti izithamanga yokha. Amafunsa amene analamula kuwonjezera katundu, ndiponso ngati dalaivala akanatha kukana osaopa kuti mawa adzalembedwa kuti ndi wamwano. Amatsegula buku la ku galaja kuti aone tsiku limene matayala anapemphedwa. Amawerenganso maola amene munthuyo anali atagwira, popeza lamulo limaika maola 48 pa sabata ngati nthawi ya ntchito ya masiku onse, ndipo munthu amene wadzuka mbandakucha n'kumayendetsabe usiku maso ake sangafanane ndi a m'mawa. Mayankho ake akhoza kuonetsa kuti dalaivala analakwadi, kapena kuti analakwako pang'ono pamene cholakwa chachikulu chinachokera kwa amene amagula matayala ndi kugawa ntchito. Zikatero si chilungamo kuti mtolo wonse ugwere munthu mmodzi yekha, amene ndiyenso wolandira zochepa pa onsewo.

Nyengo ndi msewu nazo zimalowa m'nkhani, ngakhale sizichotsa udindo. Chiperoni chikatsika mu Juni ndi Julayi, pakati pa Bvumbwe ndi Thyolo munthu saona patali, ndipo dalaivala wanzeru amachepetsa liwiro. Akagunda akuthamanga m'nkhungu yoteroyo sanganamizire nyengo. Koma bwana amene amafuna kuti galimoto ifike nthawi yomweyomweyo kaya kuli nkhungu kaya kulibe, kapena amene amaitumiza kumisewu imene inakumbika ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 n'kumadabwa kuti masipuling'i akutha msanga, nayenso ali ndi gawo lake.

Chimene chimagwetsa madalaivala ambiri osalakwa n'chakuti zonse amazinena pakamwa. "Bwana, mabuleki akumira." "Pita kaye ulendo uno, tikonza Loweruka." Ngozi ikachitika Lachinayi, mawu aja palibe amene amawakumbukira. Kumene kuli buku lolembamo zovuta za galimoto, lembanimo tsiku ndi vuto, ndipo wolandira asaine. Kumene kulibe, uthenga wa pafoni kapena wa pa WhatsApp wopita kwa bwana kapena kwa makaniko umagwira ntchito yomweyo, bola osaufufuta. Pali ndime inanso imene madalaivala ambiri saidziwa: gawo 57 la Employment Act limati kuchoka pamalo pamene wantchito akukhulupirira, pazifukwa zomveka, kuti moyo kapena thanzi lake lili pangozi yaikulu si chifukwa chomuchotsera ntchito kapena kumulanga. Lole yopanda mabuleki yotsika mitsetse ya ku Thekerani ndi ngozi yoteroyo. Ndikudziwa kuti kukana n'kovuta pamene kunja kuli anthu ambiri ofuna ntchito yomweyo, koma kunyamuka nayo ukudziwa kumakuika pamalo oipa kawiri: moyo uli pachiswe, ndipo mawa adzati unadziwa koma unayendetsabe.

Inshulansi ili kuti?

Funso limene dalaivala aliyense ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ndi lakuti galimotoyo ili ndi inshulansi yanji. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act, limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshulansi ya third party. Imeneyi imathandiza anthu ena amene galimoto yavulaza. Siikonza galimoto ya mwini wakeyo. Yokonza galimoto ya mwini ndi ya comprehensive, imene ndi yokwera mtengo ndipo munthu amasankha yekha kuigula kapena ayi. Makampani aakulu ndi mabungwe ambiri amakhala nayo. Eni maminibasi ndi timalole ambiri amangodula ya third party kuti adutse pa apolisi.

Kumene kuli comprehensive, kampani ya inshulansi imalipira zokonzetsa kupatula kagawo koyamba kamene mwini galimoto amalipira yekha, kotchedwa excess. Ndiye tiyerekeze kuti kukonza kwakwana K2,000,000 ndipo excess ndi K200,000. Ndalama imene yatuluka m'thumba mwa bwana ndi K200,000 basi. Ngati dalaivala wapezeka wolakwa, kukambirana kuyambire pamenepo, osati pa K2,000,000. Bwana amene walandira ndalama ku inshulansi n'kudulanso dalaivala mtengo wonse wadya kawiri pa ngozi imodzi, ndipo zimenezo sizingatchedwe kubwezeretsa.

Nthawi zina inshulansi imakana kulipira, ndipo chifukwa chokanira ndicho chimaloza woyenera kusenza mtolo. Ikakana chifukwa dalaivala anali woledzera kapena amanyamula anthu olipira pa galimoto imene sinalembetsedwe ntchito imeneyo, dalaivala wadziputira yekha. Ikakana chifukwa bwana sanalipire inshulansi itatha, kapena anachedwa kukanena za ngoziyo, kapena galimoto inkayenda ndi COF (chiphaso choonetsa kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) yakutha, limenelo ndi vuto la mu ofesi. Pamakhalanso mabwana amene safuna n'komwe kukanena ku inshulansi poopa kuti chaka chamawa adzawakwezera mtengo, ndiye amaona chapafupi kudula dalaivala. Kusankha kutero ndi ufulu wawo, koma mtengo wa chisankhocho usagwere munthu amene sanafunsidwe. Chimodzimodzinso ngozi imene wolakwa ndi dalaivala wa galimoto ina: woyenera kulondoledwa ndi mwini galimoto inayo ndi inshulansi yake. Kulondola kumeneko n'kotopetsa, pamafunika lipoti la apolisi ndi maulendo a ku Blantyre, koma ulesi wa bwana si mlandu wa wantchito.

Nanga kumene kuli third party yokha? Apa ndiye pamapweteka, chifukwa ndalama zonse zokonzetsa zimachokera m'thumba. Dalaivala akakhala kuti analakwadi, bwana ali ndi poyambira. Komabe amene anasankha kuyendetsa galimoto ya mamiliyoni ambiri popanda chitetezo chokwanira ndi mwini wake, ndipo sizomveka kuyembekeza kuti munthu wolandira malipiro a pamwezi asanduke kampani ya inshulansi ya abwana ake.

Mtengo wokonzera nawo umafuna maso. Kotesheni imodzi yochokera ku galaja ya mnzake wa bwana si yokwanira. Ziwiri kapena zitatu zimaonetsa mtengo weniweni, ndipo dalaivala azione ndi maso ake. Galimoto ikalowa m'galaja chifukwa cha bampala, pamakhala chiyeso chokonzeratu zonse zimene zinkavuta kale: mashokapu, mabelingi, penti ya galimoto yonse. Zimenezo zisalowe pa bilu ya dalaivala. Ngati chowonongeka chinali chakale, chotsala pang'ono kutha, kumulipiritsa mtengo wonse wa chatsopano ndiko kumugulitsa galimoto ya eni pang'onopang'ono. N'chifukwa chake zithunzi zojambulidwa pamalo a ngozi, galimoto isanasunthidwe, zimathandiza mbali zonse ziwiri.

Kumva mbali zonse, ndi pepala losainidwa mwamantha

Gawo 57 la Employment Act lija limanena momveka kuti munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe kake ka ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza. Pa kudula ndalama, monga taonera, ndondomeko imayang'anidwanso. Hiyaring'i yeniyeni, kapena kuti mkumano womva mlandu wa wantchito, ndi imene munthu wauzidwiratu mlandu wake, makamaka polemba, wapatsidwa nthawi yokonzeka, waona umboni umene ulipo, waloledwa kubwera ndi mboni monga kondakitala kapena wothandizira pa lole, ndipo kumene kuli bungwe la ogwira ntchito, nthumwi yake yakhalapo. Si bwino kuti kapitawo amene analamula kuwonjezera matumba uja akhalenso woweruza. Kuitanira munthu mu ofesi kuti angomva chigamulo cholembedwa kale si hiyaring'i.

Choopsa kwambiri chimachitika tsiku la ngozi lomwelo. Munthu akunjenjemera, mwina mutu ukuwawa, akuopa ntchito, akuopa apolisi, ndiye amuikira pepala patebulo: "Ingosainani apa kuti nkhani ithe." Papepalapo palembedwa kuti akuvomera kulakwa ndipo alipira zonse, mtengo wake usanadziwike n'komwe. Pepala limenelo limadzamutsata mpaka kukhothi. Kulemba lipoti la mmene ngozi yachitikira ndi udindo wa dalaivala ndipo asakane; alembe zoona zokhazokha, nthawi, malo, liwiro, nyengo, amene analipo. Koma kuvomera ngongole ndi nkhani ina, ndipo palibe cholakwika kunena kuti, "Bwana, ndiloleni ndikaliwerenge bwino, ndibwera nalo mawa." Ngati lalembedwa m'Chingerezi chovuta, apemphe kuti amumasulire, ndipo atengeko kope lake.

Ena amasaina zoterezi tsiku loyamba ntchito, m'kontirakiti imene muli mawu akuti dalaivala adzalipira chilichonse chowonongeka pa galimoto. Munthu wofuna ntchito amasaina chilichonse. Mawu otere sapatsa bwana ufulu wolumpha lamulo. Chindapusa chikhalabe choletsedwa, ndipo chilango chiyenerabe kukhala chomveka. Koma amapatsa bwana pogwira, choncho si nzeru kuwapeputsa.

Ku polisi nako kumasokoneza anthu. Ngozi ya pamsewu iyenera kukanenedwa msanga, ndipo lipoti la apolisi ndi umboni wofunika umene a inshulansi amaufuna. Dalaivala akapezeka kuti anaphwanya malamulo a pamsewu, chindapusa cha boma ndi chake. Koma lipoti la apolisi si chigamulo cha ndalama zimene wantchito ayenera kupatsa bwana wake, ndipo polisi si malo otolerera ngongole. Malamulo aakulu a dziko, m'gawo 19, amakana kutsekera munthu chifukwa cholephera kukwaniritsa pangano. Kuwononga katundu mwadala kapena kutenga galimoto mwakuba ndi milandu ya upandu, imeneyo inde. Koma kuopseza dalaivala ndi chitokosi kuti abale ake asonkhe ndalama zokonzera galimoto ndi nkhanza, ndipo zimandiwawa kuti anthu ena amaziona ngati njira yachidule.

Pakakhala anthu ena ovulala kapena katundu wa ena wowonongeka, lamulo limaona kuti bwana ali ndi udindo pa zimene wantchito wake walakwitsa ali pantchito, ndiye sangangouza ovulalawo kuti akathane ndi dalaivala. Dalaivala mwini akavulala ali pantchito, Workers' Compensation Act ya 2000 imanena za chipukutamisozi chake, ndipo nkhani imeneyo ndi yapayokha. Isamizidwe ndi phokoso la bampala.

Minibasi, kabaza ndi mapangano a pakamwa

Zonsezi zimamveka bwino ku kampani kumene kuli mafailo. Koma ambiri amagwira ntchito kwa munthu mmodzi: mphunzitsi wopuma amene anagula minibasi ndi ndalama za penshoni, mayi wa geni amene anatenga ngongole n'kugulira mnyamata njinga yamoto ya kabaza. Anthu amenewa si olemera. Minibasi ikagona pa galaja mwezi umodzi, ngongole ikuyendabe, ana akufuna fizi. Mkwiyo wawo ndi womveka, ndipo dalaivala amene amathawa n'kuzimitsa foni atasiya galimoto m'ngalande amawonjezera mchere pachilonda.

Lamulo la Employment Act silifuna kuti pangano likhale lolembedwa kuti munthu atchedwe wantchito. La pakamwa nalonso ndi pangano. Limaphatikizanso munthu amene amadalira mnzake pa chuma ndipo amagwira ntchito momulamulira ngati wantchito, ngakhale asakutchedwa choncho. Choncho dalaivala wa minibasi amene amauzidwa msewu woyenda, nthawi yoimika ndi ndalama yobweretsa madzulo ali ndi poyambira kunena kuti ndi wantchito. Wa kabaza amene amapereka ndalama pa sabata mpaka njinga idzakhale yake ali pena: pangano lake limafanana kwambiri ndi kugula pang'onopang'ono, ndipo zokonzetsa zimatsata zimene anagwirizana poyamba, ngati anagwirizana n'komwe.

Pali chinthu chimodzi chimene eni maminibasi safuna kumva. Ndalama ya tsiku imene amaikira dalaivala ikakhala yokwera, yoti sangaikwanitse popanda kuthamanga, kupanikiza anthu ndi kulimbirana okwera pa siteji, mwini wakeyo wathandizira kuphika ngoziyo. Sangadye ndalama za liwiro masiku onse n'kudzakana liwirolo tsiku limene lagwetsa galimoto.

Nkhani zotere zambiri zimathera pakhomo, pamaso pa akuluakulu a pa siteji, a mpingo kapena a mfumu, makamaka poti nthawi zambiri dalaivala amakhala mphwake kapena mlamu wa mwini galimoto. Palibe choipa pamenepo, ndipo nthawi zambiri n'kwachangu kuposa khothi. Chofunika n'chakuti oweruzawo afunse mafunso omwe aja, asangoyang'ana amene ali ndi chuma.

Zikakanika kugwirizana

Poyambira ndi pantchito pomwepo: kalata yaifupi yodandaula, yonena ndalama imene yadulidwa, tsiku lake, ndi chifukwa chimene mukukanira, inu n'kusunga kope. Gawo 51 la Employment Act limafuna kuti wantchito azilandira pepala loonetsa malipiro ake ndi zonse zodulidwa, ndiye mapeyisilipi asatayidwe. M'minda ya tiyi muli bungwe la Plantation and Agriculture Workers Union, limene mu 2016 linasainirana pangano la kagwiridwe ka ntchito ndi Tea Association of Malawi; membala ayambire kwa nthumwi yake ya pamalopo.

Zikakanika, pa boma pali ofesi ya zantchito, imene ambiri amangoti ku leba. Gawo 64 limalola aliyense amene ali ndi mkangano wokhudza pangano la ntchito kukautula kumeneko, ndipo mkulu wa zantchito amaitana mbali zonse kuti aziyanjanitse. Bwana nayenso angathe kupitako. Si ofesi ya antchito okha. Kukadandaula kumeneko si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma wochotsedwa ntchito asagonere mwambiwu: gawo 62 limapereka miyezi 3 kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma lake. Ku leba zikalephereka, nkhani imapita ku Industrial Relations Court, khothi la milandu ya zantchito, limene kwa anthu a ku Thyolo ndi Mulanje lili ku Blantyre. Kumeneko, pa mlandu wochotsedwa ntchito, bwana ndiye amayenera kuonetsa chifukwa chake ndi kutsimikiza kuti anachita mwachilungamo. Wosowa ndalama ya loya angafunse thandizo ku Legal Aid Bureau, ndipo wogwira ntchito m'boma alinso ndi khomo la Ombudsman, amene amamva madandaulo a anthu olakwiridwa ndi maofesi a boma.

Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kungosiya kupita kuntchito chifukwa chokwiya. Kujomba popanda chilolezo ndi chimodzi mwa zifukwa zimene gawo 59 limalola kuchotsera munthu nthawi yomweyo, ndiye munthu amene anali ndi mlandu wabwino amaupereka yekha m'manja mwa bwana. Kubwezera pobisa makiyi, kukhetsa mafuta kapena kugulitsa tayala la sipeya n'koipa koposa, chifukwa pamenepo apolisi amalowererapo moyenera. Ntchito ikathadi, gawo 53 limati malipiro ndi zina zonse zimene munthu anagwirira ziperekedwe pasanathe masiku 7. Bwana amene akuona kuti dalaivala ali naye ngongole yoposa pamenepo ali ndi njira ya kukhothi, osati kugwira laisensi kapena makalata a munthu ngati chikole.

Kukhothi kumatenga nthawi, ndipo ulendo uliwonse wa ku Blantyre ndi ndalama, choncho kumene dalaivala analakwadi, kugwirizana kumaposa kukokana. Pangano labwino limalembedwa, ndipo limatchula mtengo wonse wokonzera ndi malisiti ake, gawo limene inshulansi yalipira, gawo la bwana, gawo la dalaivala, ndalama yodulidwa mwezi uliwonse ndi mwezi umene kudulako kudzathe. Ndalama ya pamweziyo ikhale yoti munthu atsale ndi ya lendi ndi ufa. Dalaivala wogwira ntchito miyezi itatu osalandira kanthu amayamba matola ndi kugulitsa dizilo, kapena amayendetsa ndi njala ndi nkhawa, ndipo galimoto yomwe yangokonzedwayo ndi imene imakhala pangozi. Panganolo linenenso chimene chidzachitike ntchito ikatha ngongole isanathe, lisainidwe ndi mbali zonse pamaso pa mboni, makamaka nthumwi ya bungwe kapena mkulu wa ku leba, ndipo aliyense apite ndi kope lake.